Udzudzu Umene Unakana Kufa

Mwezi wa Januwale mlongo wanga ananditumizira uthenga kuti nditsikire kwawo msanga chifukwa kunali nkhani yofuna mwini mbumba. Ndinalawirira mame asanakamuke, ndi kudutsa m'minda ya nthochi ya kuno ku Mandeya mtima uli m'mwamba, poganiza kuti mwina kwagwa matenda. Nditafika ndinapeza onse ali bwino. Nkhani inali ya mwana wake wamkazi, amene anali atangomaliza digiri yake yoyamba ya sayansi ya zamoyo. Kampani ina yogulitsa zipangizo zaulimi inali itamulonjeza ntchito, koma iye sanaifune. Ankafuna kubwerera ku yunivesite kukapitiriza maphunziro, kuti tsiku lina adzakhale mphunzitsi wa kumeneko, wophunzitsa ndi kufufuza za chisinthiko cha zamoyo.

"Achimwene," anatero mlongo wanga, "zaka zinayi ndakhala ndikusenza mikoko ya nthochi kupita nayo kumsewu kuti mwanayu aphunzire. Lero ntchito yafika pakhomo, iye akuti akufuna zaka zina zisanu ndi chimodzi za sukulu. Ndipo zimene akufuna kukaphunzitsazo ndi zija amati tinachokera kwa anyani. Muuzeni ndinu, amalume ake."

Sindinayankhe tsiku limenelo. Ndinapempha sabata imodzi, chifukwa mawu akuti chisinthiko anandikumbutsa nkhani ina imene mpaka lero imandichititsa manyazi, nkhani ya udzudzu ndi ya mnyamata amene ndinamunamizira kuba.

Kwa zaka zambiri ndinagwira ntchito yodzipereka ya zaumoyo m'mudzi mwathu. Mvula ikamayandikira, ndinkayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti atulutse ufa, ziwiya ndi zofunda, kuti anyamata opopera mankhwala a udzudzu alowe ndi kupopera makoma. Zaka zoyamba ntchitoyi inali yosavuta, pakuti zotsatira zake zinkaoneka ndi maso: m'mawa amayi ankasesa udzudzu ndi mphemvu zakufa. Koma cha m'ma 2012 ndi 2013 zinthu zinatembenuka. Makoma ankapoperedwa monga kale, maneti tinkagawa monga kale, koma malungo m'chigwa cha Honde, m'boma lino la Mutasa, anakwera m'malo motsika. Munthu ankatha kuona udzudzu utatera pakhoma lopoperedwa dzana, wokhuta magazi, osagwa.

Anthu anapeza yankho lawo mwamsanga. Anati opoperawo akuthira madzi ambiri m'mapampu, ndipo mankhwala otsala akugulitsa kwa alimi a tomato. Ena anayamba kukhoma zitseko ndi kupita kumunda akamva kuti opopera akubwera. Ine amene ndinkayenera kukhazika anthu mitima pansi, ndinakhulupirira nawo. Pamsonkhano wina, anthu onse akumva, ndinaloza mnyamata mmodzi wa gululo ndi kumufunsa kumene akupititsa mankhwala a ana athu. Sanandiyankhe. Anangoweramitsa mutu.

Nyengo yomweyo kunabwera alendo ofufuza za udzudzu, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito yowaperekeza. Anali mphunzitsi wa pa yunivesite ndi ophunzira ake awiri. Tinkalowa m'nyumba za anthu kusanache, iwo atanyamula matochi ndi timachubu toyamwira. Akaona udzudzu pakhoma kapena kudenga, ankauyamwira m'kachubu ndi kuutsanulira wamoyo m'kapu yapepala yophimbidwa ndi kansalu ka neti, pamwamba pake ataikapo thonje lonyowa ndi madzi a shuga. Ophunzirawo ankalemba nyumba iliyonse, chipinda chilichonse, ndi chiwerengero cha udzudzu. Tsiku lachitatu ndinalephera kupirira. Ndinafunsa mphunzitsiyo mosabisa ngati mankhwala athu ankasungunulidwa.

Iye anandifunsa ntchito imene bambo anga ankagwira. Ndinamuuza kuti anachoka ku Mulanje ali mnyamata kudzathyola tiyi m'minda ya m'chigwa chino, monga mmene anzawo ena anapitira ku minda ya ku Chipinge. Ndiye anandifunsa ngati mitengo ya tiyi yomera kuchokera ku njere imafanana. Mwana aliyense wokulira m'komboni ya pa esiteti amadziwa kuti siifanana. M'chilimwe cha Okutobala mtengo wina umafota pamene mnzake wa pambali pake uli wobiriwira. Wina umaphuka msanga, wina umachedwa. Akatswiri a bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe lili ku Mimosa m'boma la Mulanje, akhala akusankha mitengo yochita bwino ndi kuichulukitsa podula timitengo, ndipo umu ndi mmene inapezekera mitundu ngati SFS 150 ndi PC 108, imene inafika m'minda ya ku Malawi ndi ya ku Zimbabwe komwe.

"Abambo," anatero mphunzitsiyo, "khoma limene mumapopera likugwira ntchito yomweyo ya wosankha tiyi, kungoti silidziwa kuti likusankha. Udzudzu nawo sufanana. Pa udzudzu wambirimbiri, wina wochepa umabadwa ndi mphamvu yophwanya poizoni m'thupi mwake asanauphe. Mukapopera, wofooka umafa, wopirira umatsala ndi kuikira mazira, ndipo ana ake amatengera kholo. Chaka chotsatira mumasankhanso. Pakapita zaka, m'nyumba mumadzaza zidzukulu za wopirira uja."

Anandikumbutsa kuti udzudzu waukazi umaikira mazira oposa 100 nthawi imodzi, ndipo kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka pamatenga masabata awiri kapena atatu okha. Mibadwo imene kwa anthu ingatenge zaka mazanamazana, kwa udzudzu imatha m'chaka chimodzi. Kenaka anati, "Chimenechi ndicho chisinthiko. Anthu amaganiza kuti ndi nkhani ya mafupa akale basi, koma chikuchitika kuchipinda kwanu."

Sanandipemphe kuti ndingomukhulupirira. Mmodzi wa ophunzirawo anandifotokozera mmene amayesera, motsata njira imene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa. Amaika udzudzu waukazi pafupifupi 25 m'chubu chimene mkati mwake mwayalidwa pepala lokhala ndi mlingo wodziwika wa mankhwala. Umakhalamo ola limodzi, kenaka amausamutsira m'chubu choyera, ndipo pakatha maola 24 amawerenga wakufa. Ukafa 98 pa 100 alionse kapena kuposa, mankhwalawo akugwira ntchito. Wakufa ukachepera 90 pa 100, ndiye kuti udzudzu wa dera limenelo wapima. Pepala limenelo palibe wopopera amene angalithire madzi.

Zimene ofufuza anapeza m'dera lathu m'zaka zimenezo zinalembedwa ndipo n'zodziwika. Mu 2014 akatswiri a ku University of the Witwatersrand ku Johannesburg, pamodzi ndi anzawo a kuno, anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus wa m'chigwa cha Honde sunkafanso mokwanira ndi mankhwala a gulu la pyrethroid, omwe ndi amene ankakhala pamakoma ndi pamaneti athu. Mu 2015 a Shadreck Sande, pamodzi ndi aphunzitsi a sayansi ya zamoyo a ku University of Zimbabwe, a Moses Zimba ndi a Peter Chinwada, ndi anzawo ena, anafalitsa kafukufuku wosonyeza zomwezo m'maboma a Mutasa ndi Mutare. Kumapeto kwa 2014 mankhwala opopera m'maboma a Mutasa, Mutare, Nyanga ndi Chimanimani anasinthidwa, n'kuyamba kugwiritsa ntchito pirimiphos-methyl, wa gulu lina limene udzudzuwo unali usanalizolowere. Amayi anayambanso kusesa udzudzu wakufa, ndipo mizere ya ana otentha thupi pachipatala inafupika.

Ndinapita kwa mnyamata uja kukapepesa. Anandikhululukira, koma ndinadziwa kuti mawu onenedwa pabwalo sabwezedwa ndi mawu onenedwa pakhonde. Ndinamunamizira chifukwa ndinalibe njira ina yomvetsera zimene maso anga ankaona. Mudzi wosadziwa kuti zamoyo zimasintha umafuna munthu womuloza chala: wopopera, namwino, wogulitsa mankhwala, nthawi zina nkhalamba yosalakwa.

Sabata imene ndinapempha ija ndinaithera kufunsa mwana wa mlongo wangayo za ntchito imene akuifunayo. Anandifotokozera kuti pambuyo pa digiri yoyamba pamabwera yachiwiri, ya zaka pafupifupi ziwiri, kenaka ya udokotala wa maphunziro, ya zaka zitatu kapena zinayi, ndipo pa zonsezi wophunzira amachita kafukufuku wakewake moyang'aniridwa ndi mphunzitsi. Akalembedwa ntchito pa yunivesite, sabata yake imagawika pawiri. Mbali ina amaima m'kalasi, kukonza mayeso, kuchonga mapepala, ndi kutsogolera ophunzira m'labotale. Mbali ina amapita kutchire, kudambo kapena kunyanja kukatola zoyesa, kusanthula zimene wapeza, ndi kuzilemba kuti akatswiri anzake aziunike zisanafalitsidwe. Kukwera kwake paudindo, mpaka kufika pa upulofesa, kumadalira kwambiri zofalitsa zimenezi.

Ndinamufunsa chifukwa chake munthu mmodzi asenze mitolo iwiri. Bwanji wina asangophunzitsa, wina n'kumangofufuza? Yankho lake linali lalifupi. "Amalume, mphunzitsi wosafufuza adzaphunzitsa kuti pyrethroid amapha udzudzu, chifukwa buku likutero, pamene udzudzu wa ku Mandeya unasiya kalekale kumvera bukulo. Wofufuza wosaphunzitsa naye akadzapita, nzeru zake zidzapita naye."

Mawu achiwiriwo ali ndi umboni wake kufupi konkuno. Kum'mwera kwa chigawo chino cha Manicaland, m'boma la Chipinge, kuli nkhalango ya Chirinda pa Mount Selinda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Mngelezi wina, Charles Swynnerton, ankakhala pa Gungunyana m'mphepete mwa nkhalangoyo. Kwa zaka zingapo ankapatsa mbalame agulugufe osiyanasiyana ndi kulemba amene mbalamezo zinkadya ndi amene zinkakana, pofuna kumvetsa chifukwa chake agulugufe ena okoma amafanana maonekedwe ndi anzawo owawa. Imeneyi inali ntchito yeniyeni ya chisinthiko, yochitikira pa nthaka yathu, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa ku London mu 1919. Koma nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe yunivesite. Swynnerton anasamukira ku Tanganyika kukalimbana ndi ntchentche za kashembe, ndipo anamwalira pa ngozi ya ndege mu 1938. Dzina lake linatsala pa kambalame ka m'nkhalangomo, pamene nzeru zake zinakakhala m'nyumba zosungiramo mabuku kutsidya kwa nyanja. Sukulu imene lero ndi University of Zimbabwe inayamba kuphunzitsa ku Mount Pleasant mu 1957, ikutchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland.

Kwawo kwa bambo athu nkhani yake ndi yofanana. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Mbuna, utaka, ncheni, kampango ndi chambo timazidziwa pa mbale, koma akatswiri amawerenga mitundu yoposa 800 ya banja limodzi lokha lotchedwa cichlid, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Kafukufuku wa DNA akusonyeza kuti yambiri mwa mitunduyi inachokera ku kholo limodzi m'zaka zosapitirira miliyoni imodzi zapitazo, ina n'kuzolowera kupala ndere pamiyala, ina kusefa mchenga, ina kusaka zinzake. Kwa nthawi yaitali amene ankalemba za nsombazi anali alendo, monga Ethelwynn Trewavas amene anafalitsa ntchito yake yaikulu mu 1935, ndi Geoffrey Fryer amene anafufuza mbuna ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950. Zinthu zinayamba kusintha Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965. Pambuyo pake ku Chancellor College ku Zomba kunadzakhala aphunzitsi a Chimalawi monga Pulofesa Aggrey Ambali ndi Dr. Bosco Rusuwa, amene anaphatikiza kuphunzitsa ndi kufufuza nsomba za m'nyanjayi. Mwana wa msodzi wa ku Mangochi anatha kumva za chisinthiko cha mbuna kuchokera kwa munthu amene anazigwira ndi manja ake, wolankhula chinenero cha kwawo.

Komabe sindikufuna kukometsa njira imeneyi mopitirira. Ndi njira yaitali, ndipo mlongo wanga sanalakwe kuopa. Malo a ntchito zotere ndi ochepa. Ophunzira m'makalasi ndi ambiri, kotero kuti nthawi ya kafukufuku imadyedwa ndi kuchonga mapepala. Ndalama zofufuzira kawirikawiri zimachokera kunja, ndipo zimatha kuuma mwadzidzidzi opereka akasintha maganizo. Ife a kuno tikukumbukira 2008, pamene ndalama ya Zimbabwe inasanduka mapepala opanda pake, ndipo aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite anachoka kupita ku South Africa, ku Botswana ndi kutsidya kwa nyanja. Mwana amene banja lamuphunzitsa ndi nthochi akhoza kumaliza udokotala wake ndi kukatumikira dziko lina. Zimenezi ndinamuuza mwanayo maso ndi maso, ndipo sanatsutse.

Za anyani zija, ndinamusiya kuti ayankhe yekha kwa mayi ake. Ananena modzichepetsa kuti sayansi siphunzitsa kuti nyani wa m'phiri la Nyangani anabala munthu, koma kuti anthu ndi anyani ali ndi makolo amodzi a kalekale zedi, monga mmene mbuna ndi utaka zilili pachibale. Ananenanso kuti akatswiri ambiri a maphunziro amenewa ndi anthu opemphera, ndipo iye mwini sakuganiza zosiya kwaya. Mlongo wanga sanakhutire kwathunthu, ndipo ine sindinamukakamize. Mafunso a chiyambi cha munthu aliyense amawasenza ndi chikumbumtima chake. Chimene ine ndingachitire umboni ndi chimene ndinaona pakhoma.

Ndipo khomalo silili m'nyumba mokha. Ku Malawi tizilombo ta malungo tinapima mankhwala a chloroquine mpaka boma linawasiya mu 1993 ndi kuyamba SP, amene ambiri amawadziwa kuti Fansidar. Patapita zaka 12, kafukufuku wochitikira ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre, amene anafalitsidwa mu 2006, anapeza kuti chloroquine anachiza ana 99 pa 100 alionse. Mankhwalawo atachoka, tizilombo topima tinalibenso mwayi woposa tinzake, ndipo tinazimiririka. Izi sizikutanthauza kuti munthu abwerere yekha ku chloroquine. Mankhwala oyenera ndi amene achipatala akupereka, monga LA amene Malawi anayamba mu 2007. Phunziro lake ndi lakuti chisinthiko chimatsata zimene ife tikuchita, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amalangiza kusinthasintha magulu a mankhwala. Mlimi amene amapopera mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka pa mbozi za ntchemberezandonda, zimene zinalowa m'chigawo chathu mu 2016 ndi 2017, makamaka akamachepetsa mlingo pofuna kusunga ndalama, akugwira ntchito ya khoma lija. Wodwala amene amasiya mankhwala panjira thupi likangopepuka akuchitanso chimodzimodzi.

Inu alangizi ndi alimi anzanga, ndife amene timayamba kuona zizindikiro zimenezi. Mphunzitsi wa pa yunivesite sagona m'nyumba zathu ndipo salima minda yathu. Mukaona mankhwala amene ankagwira ntchito asiya kugwira, lembani tsiku, malo, dzina la mankhwala ndi mlingo wake, ndipo mukanene kwa alangizi a boma kapena kuchipatala musanaloze munthu chala. N'zoona kuti nthawi zina mankhwala amakhala achinyengo kapena osungunulidwa, koma chimenecho chimadziwika poyesa, osati pa msonkhano waukali. Ofufuza akafika pakhomo panu ndi matochi kusanache, atsegulireni, ndipo muwapemphe kuti adzabwerenso kudzakuuzani zimene apeza.

Sabata itatha tinakhalanso pansi pa mtengo wa mapeyala kwa mlongo wanga. Ndinati, "Achemwali, thukuta lanu ndikulidziwa, ndipo sindingakuuzeni kuti musenze nthochi zaka zina zisanu ndi chimodzi. Mwanayu afunefune thandizo la maphunziro, pakuti ambiri ochita digiri yachiwiri amalipiriridwa ndi ndalama za kafukufuku. Likapanda kupezeka chaka chino, agwire ntchito ya kukampani ija akudikira. Koma njirayi tisaitseke. Pirimiphos-methyl nayenso tsiku lina udzudzu udzamuzolowera, ndipo tsiku limenelo ndikufuna kuti wobwera ndi tochi adzakhale munthu wodziwa njira ya ku Mandeya popanda womuperekeza, ndipo kumbuyo kwake kukhale ophunzira ake."

Mlongo wanga anakhala chete nthawi yaitali, akusenda chinangwa. Kenaka anatembenukira kwa mwana wake ndi kunena kuti, "Ukadzayamba kufufuzako, udzayambire m'chipinda changa. Udzudzu wa m'menemo ndi umene wandivuta kwambiri."

Mwanayo watumiza kale makalata ofunsira malo ku mayunivesite atatu. Mayankho sanabwere. Pakadali pano akuthandiza mayi ake kumunda, ndipo madzulo ana a sukulu a m'mudzi amasonkhana pakhonde kuti awaonetse mphutsi za udzudzu m'botolo la madzi a kudambo, ndi kuwaphunzitsa kusiyanitsa za udzudzu wa malungo, zimene zimagona chopingasa pamwamba pa madzi, ndi zinazo zimene zimalendewera mutu pansi.